Akutilonjeza nyumba, mankhwala, ntchito ndi apolisi: mafunso ndi mayankho kwa ife a ku chigwa cha Shire

Kwathu ndi konkuno ku chigwa, ndakhalako mu komiti ya chitukuko ya mmudzi, VDC ija, kwa zaka zingapo ndithu. Nde kampeni ikangoyamba, kaya ndi ya chisankho chachikulu kaya chachibwereza cha khansala, anthu samandipatsa mpata. Pa mjigo, pa maliro, mu minibasi yopita ku Nchalo, funso limakhala lomwelo, "kodi zimene ananena pa msonkhano paja zingatheke?" Ndasonkhanitsa mafunso amene amabwerabwera ndipo ndayankha mmene ndikudziwira. Sindikuyankhulira chipani chilichonse. Chimene chimandipweteka ndi choti ife a ku Chikwawa ndi Nsanje timawomba mmanja msanga tisanafunse kuti munthu akulonjezayo ali nayo mphamvu yochitira chinthucho kapena ayi.

Shado MP wathu wati akawina atimangira nyumba zamalata tonse amene madzi anatigwetsera. Angathe?

Mayi, yekha sangathe, olo atakhala ndi mtima wabwino bwanji. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ya dziko ndi kulondoloza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Alibe thumba la nyumba. Tangoganizani, kalembera wa 2018 anapeza anthu 564,684 ku Chikwawa ndi 299,168 ku Nsanje, nde madzi a January 2015 anagwetsa nyumba, namondwe wa Idai mu March 2019 anagwetsa, namondwe wa Ana mu January 2022 anagwetsanso, namondwe wa Freddy mu March 2023 anadzamalizitsa, moti dziko lonse anthu oposa 600,000 anathawa mnyumba zawo nthawi imeneyo. Munthu mmodzi angamange zingati? Mwina zisanu za agogo kuti ajambulitse, basi.

Koma pali zimene angathe ndipo ndi zimenezo muzimufunsa. Angathe kuyimirira mu Nyumba ya Malamulo nkukakamira kuti DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ipatsidwe ndalama madzi asanabwere osati anthu atakwera kale mmitengo. Lamulo latsopano loona za ngozi zotere linadutsa mu 2023, Freddy atangotha, nde mufunseni ngati analiwerengako. Angathenso kulimbikira nkhani ya madayiki mmbali mwa mitsinje ngati Mwanza, Mkombezi ndi Ruo, chifukwa nyumba yamalata yomanga pa njira ya madzi ndi zidina imagwa chimodzimodzi ndi yaudzu.

Ena akuti atisamutsira ku mtunda. Si zabwino zimenezo?

Apa ndiima pang'ono chifukwa nkhani iyi anthu aku Blantyre ndi Lilongwe amatiweruza nayo molakwika, amati ndife okanika, timakonda zolandira, chaka chilichonse tikufuna ufa ndi mabulangete. Sizoona. Munthu wa ku Makhanga kapena kwa Nyachikadza sakhala kumadzi chifukwa chokonda imfa. Kumeneko ndi kumene kuli dimba. Madzi akaphwa amasiya nthaka yachonde ndi chinyontho, amabzala chimanga, mbatata ndi nyemba nthawi imene kumtunda kwauma gwa, amapha mlamba, njala ikafika povuta amakazula nyika mmadambo ana nkudya. Kumtunda kuno mvula ndi yochepa, mapira ndi mchewere ndi zimene zimapirira, chimanga chimapserera chili mmawondo.

Nde wandale akati tikusamutsani, mufunseni bwinobwino. Malowo ali kuti, ndi a mfumu iti, eni malowo avomera ndipo alipidwa? Chifukwa mikangano yambiri imayamba pamenepa, wobwera amakhala ngati mlendo mpaka kalekale, akangodula mtengo mlandu. Madzi akumwa alipo? Kuno mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere oti olo nyemba sizipsa. Sukulu ndi chipatala zili pa mtunda wautali bwanji? Ndipo chachikulu, minda yathu yakumadimba tikhala nayobe? Anthu a ku Makhanga ena anasamukira ku Osiyana, ndipo amene mwayendako mukudziwa kuti ambiri amatsikirabe kumunsi kukalima. Ine maganizo anga ndi oti kusamuka kumene kungagwire ndi kokhala ndi nyumba kumtunda, munda kudimba, ndi msewu kapena bwato lodalirika pakati pake. Wolonjeza kusamutsa anthu osatchula munda sanakhalepo kuno nyengo ya dzinja.

Nanga malata ndi simenti zotsika mtengo zija zibweranso?

Pulogalamu ija inabwera chitatha chisankho cha 2014, ndipo sizinali zaulere ngati mmene ena amamvera, boma limalipira gawo lina ndipo gawo lotsalalo inali ngongole yoti wolandirayo abweze. Imeneyi ndi pulogalamu ya boma lalikulu, imadalira bajeti. Khansala kapena shado akakulonjezani malata a boma ndiye kuti akulonjeza katundu wa mwini.

Tikumva za CDF, kuti ndi ndalama zambiri. Si zimenezo angamangire?

Eya CDF, ndalama za chitukuko cha mdera la phungu zija, ilipo ndipo yakhala ikukwera, inafika K100 miliyoni pa dera la phungu mu 2022, kenako K200 miliyoni, ndipo pa kampeni ya chisankho cha pa 16 September 2025 chipani cha DPP chinalonjeza K5 biliyoni pa dera lililonse pachaka. Madera a aphungu nawo anachuluka kuchoka pa 193 kufika 229. Koma abale ndalama imeneyi si ya phungu. Ndi ya misonkho yathu, imadutsa ku khonsolo, ndipo mu 2025 khoti linagamula kuti aphungu sayenera kukhala oyendetsa thumba limeneli. Njira yake ndi yoti zofuna za anthu zichokere mmudzi ku VDC, zipite ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la T/A, kenako ku khonsolo kwa a DC ndi makhansala. Ine ndaonapo mmene zimakhalira njirayi ikadumphidwa, kontirakita amangofika ndi mchenga, palibe akudziwa kuti wamutuma ndani komanso walandira zingati, buloku ya sukulu ikutha miyezi itatu yang'aluka kale. Tikafunsa akuti ndi mphatso ya olemekezeka musadandaule. Si mphatso. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, mutha kulemba kalata kwa a DC kufunsa mtengo wa buloku imeneyo ndi dzina la kontirakita.

Atigulira ambulasi yolembedwa dzina lawo. Tikane?

Musakane, ikatenga wodwala mmodzi nkumupulumutsa ndi zabwino ndithu. Koma funsani kuti mafuta azithira ndani, dalaivala azimulipira ndani, matayala akatha agula ndani, komanso akaluza chisankho galimotoyo itsala kapena ipita nawo. Funsaninso ngati buku lake lalembedwa mdzina la ofesi ya zaumoyo ya boma lino kapena mdzina lawo.

Ndikunena izi chifukwa zinandigwera. Mlamu wanga matenda a uchembere anamuvuta usiku pa chipatala china chaching'ono chakumudzi, namwino anayesetsa mbali yake koma anati uyu akufunika opaleshoni, ambulasi ilipo koma ilibe mafuta. Tinayenda khomo ndi khomo kubwereka ndalama, achimwene anapinyolitsa mbuzi usiku womwewo, mafutawo tinakagula a mzigubu kwa anyamata a pamsika. Mwana anabadwa wamoyo koma mpaka lero ndikaona galimoto yopentedwa nkhope ya munthu ndimayamba ndaganiza za thanki. Kuchoka ku Nsanje boma kukafika ku Queens ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, ndi zitunda za ku Thabwa zija pamwamba pake, nde nkhani ya mafuta a ambulasi kuno si yaing'ono.

Akuti mankhwala sadzasowanso mzipatala. Zimenezi angapange ndani?

Mankhwala a zipatala za boma amachokera ku Central Medical Stores Trust, ndipo boma lililonse lili ndi bajeti yake ya mankhwala imene imachokera ku likulu. Bajetiyo ikachepa kapena ikachedwa, kapena ndalama zakunja zoitanitsira mankhwala zikasowa, ndi pamene mumauzidwa kuti kaguleni ku famase. Phungu angathandize pokana kuvomera bajeti yochepa ya zaumoyo. Khansala angathandize poonetsetsa kuti komiti ya pachipatala ikugwira ntchito, ikukhalapo mankhwala akamatsitsidwa ndi kusainira, chifukwa kubedwa kwa mankhwala nako kulipo tisanamizane, LA wa malungo yemweyo wasowa ku chipatala mumamupeza pa benchi mu msika.

Ndipo ine ndimadabwa kuti pa misonkhano onse amathamangira kunena chipatala chatsopano, palibe amanena za nyumba ya namwino. Kumalo ngati ku East Bank kapena kwa Chapananga, namwino akatumizidwa nkupeza kulibe nyumba, kulibe magetsi, kutentha kwa October kuja, mwezi sutha wapempha transifa. Palibenso amatchula alangizi a zaumoyo amene amayenda pa njinga kukapereka katemera ndi kuthira klorini mzitsime, pomwe kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 mdziko muno ndipo amene anayimirira patsogolo mmidzi ndi iwowa. Malungo ndi likodzo sizidikira chipatala chansanjika.

Ife chapafupi ndi cha mishoni, cholipira. Walonjeza kuti chikhala chaulere.

Trinity ku Muona, St Montfort ku Nchalo ndi Kalemba ku Bangula ndi zipatala za mipingo, zili pansi pa CHAM, wandale sangazilamule. Chimene chilipo ndi mgwirizano woti boma lizilipira zipatalazi kuti ena, makamaka amayi oyembekezera, athandizidwe osalipira. Mgwirizanowu umayenda boma likamalipira pa nthawi yake. Nde lonjezo lomveka ndi loti "ndidzalondola kuti ngongole imeneyi izilipidwa", osati zaulere zonse.

Za ntchito bwanji? Ana athu ali ndi MSCE koma akupalasa kabaza.

Bambo, apa ndi pamene ife a kuchigwa tinapsa kwambiri nde tiyenera kukumbukira. Mu October 2010 a Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, tinauzidwa kuti sitima zizichoka kunyanja kudzera mu Zambezi ndi Shire, anthu anagula mapuloti, ena anamanga malo ogona alendo podikira. Dziko la Mozambique silinavomere kuti sitima zizidutsa popanda kafukufuku wokwanira, ndipo doko lija lili pomwepo, simenti yokha. Mu 2020 tinamvanso za ntchito 1 miliyoni. Sindikunena izi ponyoza wina, zipani zonse zatilonjezapo. Ndikungoti lonjezo la ntchito likadalira dziko lina, kapena ngongole imene sinasainidwe, muziliwerengera theka.

Njanji ndi chitsanzo china. Madzi anadula njira pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, pa Mtayamoyo paja, ndipo kuyambira pamenepo wandale aliyense wobwera kuno amatchula mlatho umenewu, ana anabadwa chaka chimenecho pano ali ndi ana awo ndipo anthu akuwolokabe pa bwato pakati pa ng'ona ndi mvuu. Ntchito yokonza njanji ya Marka mpaka Bangula inayambika, imeneyo ndi yooneka ndi maso. Koma mufunse kuti ikatha ntchito zokhazikika zidzakhala zingati ndipo adzalembedwe ndi ana a kuno kapena ife tidzangogulitsa mandasi pa siteshoni.

Ngalande yaikulu ija ya mthirira, aliyense akuti ndi yake. Ndi ya ndani kwenikweni?

Ndi ya boma la Malawi, ndi thandizo la World Bank ndi African Development Bank pamodzi ndi ena, si ya phungu aliyense. Dzina lake ndi Shire Valley Transformation Programme, madzi akuchokera pa Kapichira ndipo cholinga ndi kuthirira mahekitala 43,370 mpaka kukafika ku Bangula. Namondwe wa Ana anaononga pa Kapichira mu 2022, magetsi anazima ndipo ntchito ya ngalande inabwerera mmbuyo. Mwa zonse zimene timalonjezedwa, iyi ndi imene ine ndimaikhulupirira kuti ingasinthe chigwa chino, chifukwa dzuwa tili nalo, nthaka tili nayo, chimatisowa ndi madzi pa nthawi yake.

Koma ili ndi pake poti tichenjere. Alimi akuphatikiza minda yawo kukhala munda umodzi waukulu wa kopaletivi, nde dzina lanu likapanda kulembedwa bwino pa kalembera wa malo, mawa mudzapezeka mulibe gawo. Amayi amasiye ndi ana amasiye ndi amene amaponderezedwa pa zotere, amalume kapena abale a malemu amalembetsa dzina lawo mwakachetechete. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu kulembetsa munda wake, mkazi ngati mwamuna. Tili nazo zitsanzo pafupi, Phata ndi Kasinthula onse ndi alimi a nzimbe ophatikiza minda ndipo amagulitsa ku Illovo ku Nchalo, kafunseni alimi akumeneko kuti ngongole ndi magawo zimayenda bwanji, adzakuuzani zokoma ndi zowawa zomwe. Wofuna voti yanu mufunseni kuti adzaima mbali iti kopaletivi ikadzakangana ndi kampani yogula mbewu.

Walonjeza kuti alowetsa anyamata ku Illovo ndi ku PressCane, komanso ngongole za NEEF kwa onse omuvotera.

Makampani amenewa amalemba okha ntchito, ndipo yambiri ya ku nzimbe ndi ya nyengo, ikatha sizoni mwabwerera kunyumba. Za NEEF, ndi ngongole, imabwezedwa. Wina akakuuzani kuti tengani ndi yothokoza simudzabweza, akukuikani mmavuto inuyo chifukwa siginecha ili pa fomu ndi yanu. Ine bola amene akunena za mtengo wa thonje ndi kuti ogula azilipira pompopompo, za dibi la ng'ombe ndi katemera wa matenda a zilonda za mmapazi ndi mkamwa amene amatsekesa misika ya ziweto kuno, kapena za malo ophunzirira ntchito zamanja a TEVETA pafupi. Zimenezo ndi ntchito zimene tili nazo kale mmanja, zikungofunika wozitchinjiriza.

Ng'ombe zikubedwa usiku uliwonse. Akuti amanga polisi yuniti. Zithandiza?

Zithandiza ngati mukhale apolisi. Nyumba ingamangidwe ndi CDF, koma kutumiza apolisi ndi ntchito ya likulu la polisi, phungu amangopempha. Nde asanaike njerwa mufunseni ngati akuluakulu a polisi avomera kuti adzatumiza anthu, ngati pali nyumba zawo zogona, ngati pali njinga yamoto ndi mafuta. Amalume anga anabedwa ng'ombe ziwiri za ngolo, titakanena tinapeza wapolisi mmodzi yekha ali pa ntchito, wopanda choyendera, anatiuza mwaulemu kuti tipeze kabaza, pofika kumene mapazi analowera nkuti ng'ombe zitawoloka kale. Chaka chimenecho amalume analephera kututa thonje lonse pa nthawi yake.

Malire athu ndi Mozambique ndi aatali, kwina ndi mtsinje chabe kwina ndi tchire, mbali zonse kuli abale athu olankhula Chisena ndi Chimang'anja chomwechi, ndipo kumapeto kwa 2024 anthu ambiri anathawira kuno kuchokera kumeneko chifukwa cha zipolowe za chisankho chawo ndipo tinawalandira. Nde wandale woti atseka malire akunama. Chofunika ndi kugwirizana kwa apolisi ndi mafumu a mbali zonse, makalata oyendetsera ziweto azionedwa zenizeni pa rodibuloko ndi pophera nyama, komanso a community policing apatsidwe matochi, mawezulo ndi ulemu, chifukwa amagona panja kwaulere.

Wakuba tikamupereka ku polisi mawa timamuona ali pamsika. Si bwino kungothana naye tokha?

Ayi achimwene, ayi. Ndikumvetsa mkwiyo wanu, ng'ombe ndi banki yathu, ndi fizi ya mwana. Koma belo si kumasulidwa, mlandu umakhala ulipo. Malamulo a dziko amati womangidwa akaonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya ku polisi ndi yaulere, wina akakuuzani kuti mulipire imeneyo ndi ziphuphu. Milandu yambiri imafa chifukwa ife eni ake sitipita kukachitira umboni, transipoti yavuta kapena taopsezedwa. Chigwa chino chinatchukapo ndi kuotcha anthu oganiziridwa ndipo palibe ng'ombe inabwerera chifukwa cha moto, kumangotsala ana amasiye ndi anyamata athu ali ku ndende pa mlandu wakupha. Wapolisi akakulakwirani kuli Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi, ndipo za nkhanza za mbanja kapena kugwiriridwa kwa ana pitani ku Victim Support Unit. Ofuna mipando afunseni za khoti loyendayenda kuti milandu iziweruzidwa pafupi ndi mboni, limenelo ndi lonjezo lotheka kulondola.

Akugawa ndalama, zitenje ndi ufa pa msonkhano. Tilandire?

Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa voti, ngakhale zovala za chipani ngati zitenje ndi matisheti sizili mgulu loletsedwa. Sindingaweruze mayi amene ana ake agona ndi njala masiku awiri nkulandira K2,000. Chokhacho dziwani kuti voti ndi yachinsinsi, mu kachipinda muja mumakhala nokha, palibe foni kapena kompyuta ya wandale imene ingaone pamene mwachonga. Ndipo musapereke chiphaso chanu cha unzika kapena chovotera kwa aliyense amene akuti akulemba maina a odzalandira chimanga. Mtukula Pakhomo ndi chimanga cha boma sizidalira kuti munavotera ndani.

Akawina nkusowa, tingamuchotse zaka zisanu zisanathe?

Pakadali pano ayi. Ndime 64 ya malamulo aakulu a dziko imene imapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu inachotsedwa mu 1995 ndipo sinabwezeretsedwe. Nde zimene ife tinayamba kuchita mdera lathu ndi izi, wofuna mpando akabwera timamukhazika pansi pamaso pa a gulupu ndi a ADC, timamupempha atchule zinthu zitatu zokha zimene zili mu mphamvu yake, mlembi amalemba mu kope la komiti, tsiku ndi malo, iye nkusaina. Ena amakana kusaina, amati mukundikayikira, ndipo kukanako timalembanso. Kopelo limasungidwa kwa a gulupu mu pulasitiki chifukwa cha madzi. Chaka chikatha timamuitana ndi kalata kudzera kwa a T/A, akapanda kubwera timatumiza kalata yomweyo ku wailesi za kuno ngati Nyanthepa ndi Gaka kuti aiwerenge, ndipo khansala yekha sitimuvutikira nkomwe chifukwa amakhala nafe mmudzi momwemu, timakamupeza pakhomo mmamawa asanakwere njinga.